Dri-Eaz DefendAir HEPA 500: makina abwino, koma amodzi sakwanira pokulitsa chipatala

Zomanga nyumba yatsopano pabwalo la chipatala chomwe chikuthandizabe odwala si zachilendo kuno. Mwachitsanzo, Mercy James Centre, chipatala cha ana chomwe chinatsegulidwa mu 2017, chili pabwalo la Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Pa ntchito zamtunduwu, nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene amisiri akubowola khoma kapena kutsegula siling'i kuti alumikize nyumba yatsopano ndi yakale. Fumbi la m'siling'i ndi la njerwa zakale limakhala ndi njere za chuku chotchedwa Aspergillus, zazing'ono ngati ma micron 2 mpaka 3 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Munthu wathanzi akazipuma sadwala, koma wodwala khansa, wa HIV yemwe chitetezo chake chatsika, kapena khanda lobadwa masiku osakwana, akhoza kufa nazo.

Ntchito ya DefendAir HEPA 500 ndi kukoka mpweya wa m'chipinda chomwe mukugumulidwa, kuusefa, n'kuutulutsa panja kudzera m'paipi. Zikatero mpweya umalowa m'chipindacho kuchokera ku wodi, osati kutuluka kupita kwa odwala. Ili ndi fyuluta yoyamba yogwira fumbi lalikulu, kenako ya HEPA yomwe imagwira 99.97% ya tizidutswa ta 0.3 micron. Aspergillus sadutsa pamenepo ngati fyulutayo yakhala bwino pamalo pake.

Zoiyamikira zilipo. Imalemera pafupifupi makilogalamu 20, kotero munthu mmodzi amakwera nayo masitepe. Thupi lake ndi la pulasitiki yolimba yosavuta kupukuta ndi mankhwala, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa makina ochoka pamalo afumbi amadutsa m'makonde a odwala. Mphamvu yake imasinthika, ndipo makina angapo amasanjikizika pamodzi m'malo opanikizika.

Vuto lili pa kukula kwake, ndipo makontrakitala ambiri amagwa pomwepa. Ikamathamanga mokwanira imakoka ma CFM (makyubiki fiti pa mphindi) 500, omwe ndi makyubiki mita pafupifupi 850 pa ola. Tengani khonde lotchingidwa la mamita 6 m'litali, 4 m'lifupi ndi 3 kutalika: muli makyubiki mita 72. Mukafuna kuti mpweya usinthike ka 12 pa ola, pakufunika 864. Pamapepala makina amodzi angotsala pang'ono kukwanira. Koma 850 ija ndi ya fyuluta yatsopano popanda paipi. Mukalumikiza paipi yaitali yokhotakhota, fyuluta n'kudya fumbi la simenti la tsiku limodzi, mphamvu imatsika. Pakhonde lotere ikani awiri. Wodi ya mamita 10 ndi 8 ndi 3 imafuna makyubiki mita 2,880 pa ola, kutanthauza makina anayi kapena asanu, ndipo zikafika apa ndi bwino kubwereka makina aakulu a ma CFM 2,000 kusiyana n'kudzaza chipinda ndi ang'onoang'ono ndi nthambo zawo.

Makinawa sangachite kanthu ngati chotchinga chili chobowoka. Chotchinga cha matabwa kapena cha plasterboard chiyenera kufika pa konkire kapena padenga lenileni, osalekezera pa siling'i, chifukwa pamwamba pa siling'i zipinda zambiri n'zolumikizana ndipo fumbi limayenda momwemo mpaka kukatsikira ku fiyeta. Mipata yodutsa mapaipi ndi nthambo imatidwe. Mabowo a mpweya wa nyumba yakale omwe ali mkati mwa malo antchito atsekedwe ndi pulasitiki ndi tepi. Pakhomo pakhale kachipinda kovulira maovolosi, ndi mphasa zomata zopondapo. Pulasitiki yokha imathandiza pa ntchito ya maola ochepa. Pa ntchito ya masabata imang'ambika ndi mawilibala.

HEPA 500 siikuuzani ngati mpweya ukuloweradi mkati. Gulani padera kachipangizo koyezera kusiyana kwa mphamvu ya mpweya, mukaike pachotchinga, kumbali ya wodi, pomwe namwino angaone. CDC, bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, imaika 2.5 Pa (pascal, muyeso wa mphamvu ya mpweya) ngati mlingo wochepetsetsa m'zipinda zopatulira odwala matenda oyenda mumpweya, pomwe malamulo a ku Canada a CSA Z317.13 amafuna 7.5 Pa pa ntchito yomanga. Ife tingasankhe wa ku Canada, chifukwa chitseko chikangotsegulidwa, 2.5 Pa imatha nthawi yomweyo. Kapepala kopyapyala koika pansi pa chitseko kamasonyeza komwe mpweya ukulowera, koma sikapereka nambala yolemba m'buku.

Za magetsi musazitenge mopepuka. Makina ogulitsidwa ku America ndi a 115V, pomwe kuno timagwiritsa ntchito 230V pa 50Hz, choncho poitanitsa nenani mtundu wa 230V. Ndipo alumikizidwe ku nthambo yomwe jenereta ya chipatala imadyetsa. Magetsi akazima makina n'kuima, fumbi lomwe linali m'mwamba limabwerera ku wodi, ndiye lamulo likhale lakuti makina akaima, nyundo nazo ziime. Usiku asazimitsidwe, ngakhale amisiri ataweruka. Phokoso lake limamveka ndithu m'wodi yoyandikana, koma kulichepetsa ndi kusuntha makina kutali ndi chotchinga, osati kuwatsitsa mphamvu.

Paipi yotulutsa mpweya iloze panja, mamita osachepera 8 kuchokera pomwe nyumba imakokera mpweya. M'zipatala zathu zambiri mazenera a mawodi amakhala otsegula usana wonse, makamaka mu Okutobala, ndiye zenera lililonse liwerengedwe ngati polowera mpweya.

Fyuluta yoyamba ionedwe tsiku ndi tsiku pa nthawi yogumula, ndipo muitanitse zambiri pamodzi ndi makinawo chifukwa sizipezeka m'mahadiweya wamba. Ya HEPA siichapidwa, siigubudulidwa, siipemereredwa ndi kompuresa. Ikatha imakulungidwa m'thumba la pulasitiki mkati mwa malo antchito momwemo, isanatulutsidwe.

Pa ntchito yobowola khomo limodzi, kukonza kachipinda kapena kutsegula siling'i ya khonde, HEPA 500 ndi yoyenera kugula, iwiri osati imodzi. Pogumula wodi yonse, bwerekani zazikulu, iyi muisiye kuti izisefa mpweya wa m'kachipinda kovulira.