Miyezi 9 chichotsereni AC ya R22: mmene ya R32 yakhalira m'nyumba mwathu

AC yathu yakale, makina oziziritsa m'chipinda, inakhala pakhoma la chipinda cha amayi zaka zoposa 12. Tinaipeza momwemo pogula nyumba, ndipo pakapepala komatidwa m'mbali mwa bokosi la panja panalembedwa R22. Sindinkadziwa tanthauzo lake, ndipo sindinafunsepo. Kuno ku Mangochi chimene munthu amafuna mu Okutobala n'chakuti akadina rimoti mphepo yozizira ituluke, basi. Amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo usiku kukatentha sagona, amangotembenukatembenuka pamphasa chifukwa bedi amati likuwotcha. Choncho kwa ife makinawa ndi mbali ya chisamaliro chawo.

M'zaka ziwiri zomaliza tinathira gasi katatu. Ulendo uliwonse mtengo unkakwera, ndipo ulendo wachitatu amisiri anatha masiku anayi akufunafuna silinda ya R22, gasi woziziritsa wa m'makinawa, mpaka anachita kuitanitsa ku Blantyre. Atabwera anandiitanira kuseri kwa nyumba, n'kupaka chala pamene paipi ya kopa imalumikizana ndi bokosi. Chala chinabwerako chakuda ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi. Anati, "Bambo, pamene pakutuluka mafutawa, gasi wanu akuthawiranso pomwepo. Gasi wa AC satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi momwemo. Mukaona kuti wachepa, dziwani kuti penapake pabowoka." Kenako anandionetsa malo ena awiri pa koyilo pomwe dzimbiri linali litadya. Ndalama zonse zomwe ndinkalipira zija ndinkazitaya mumlengalenga, ndipo mawu amenewo ndimawakumbukirabe mpaka lero.

Madzulo ake ndinayamba kufufuza chifukwa chimene R22 akusowera. Nkhani yake ndi yakale. Mu 1985 asayansi a ku Britain omwe ankagwira ntchito ku Antarctica anaulula kuti mpweya wa ozoni, umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, wapyapyala kwambiri kumeneko. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano la Montreal loti achotse pang'onopang'ono mankhwala owononga ozoni, ndipo Malawi ali m'panganolo. R22 ali m'gulu la magasi otchedwa HCFC, ndipo ali ndi klorini, yemwe ndiye amadya ozoniyo. Mayiko olemera anatsogola: ku Ulaya analetsa kuthira HCFC m'makina kuyambira mu 2015, ku America anasiya kupanga ndi kuitanitsa R22 pa 1 Januwale 2020. Mayiko ngati lathu anapatsidwa nthawi yotalikirapo: kuimitsa kukwera kwa mlingo wa HCFC mu 2013, kuchepetsa ndi 10 peresenti mu 2015, 35 peresenti mu 2020, 67.5 peresenti mu 2025, ndipo pofika 2030 kutsale kochepa chabe kokonzera makina akale. Ndiye mukaphatikiza kuchepa kwa gasi wololedwa kulowa ndi vuto la ndalama zakunja, mtengo umene amisiri ankanditchulira sunali wongopeka.

Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti panganoli limalamulira kapangidwe ndi kaitanitsidwe ka gasi. Silinena kuti munthu azule makina ake omwe akugwira bwino ntchito. Ya kwathu ikanakhala yosatulutsa gasi, ikanakhalabe pakhoma.

Pogula yatsopano ndinakumana ndi njira zitatu. Yoyamba inali AC ya kaunjika, yochotsedwa mu ofesi ina, yooneka bwino, yotchipa zedi. Nditawerenga kapepala kake ndinapeza R22 yemweyo. Ndinaisiya, chifukwa kunali kugula vuto lomwe ndikulithawa. Yachiwiri inali yatsopano m'bokosi, ya R410A, ndipo wogulitsa anali ataitsitsa mtengo. Anandiuza kuti gasi wake ndi wamakono, sawononga ozoni. Zimenezo n'zoona, R410A alibe klorini. Koma sanandiuze kuti nayenso tsiku lake likubwera. Mu Okutobala 2016 ku Kigali mayiko anawonjezera pangano lija kuti achepetsenso magasi a HFC, gulu lomwe muli R410A, chifukwa amatenthetsa dziko. Kilogalamu imodzi ya R410A ikathawira mumlengalenga imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 2,088 a carbon dioxide pa zaka 100, kuposanso R22 yemwe ali pa 1,810. Gasi wina, R32, ali pa 675. Kwa mayiko a gulu lathu, mlingo wa HFC unayenera kuima mu 2024, kuchepa ndi 10 peresenti mu 2029, mpaka 80 peresenti mu 2045. Apa ndinene chilungamo: R410A sasowa mawa kapena mkuja, ndipo amene anagula kale asataye mtima. Koma ine ndinali nditalawa kale ululu wosakasaka gasi amene dziko likumusiya, ndipo sindinafune kuyambiranso ulendo womwewo. Ku America ndi ku Ulaya makina atsopano a m'nyumba akusamuka pa R410A kuyambira 2025, ndipo mafakitale akasintha, zimene zimafika m'mashopu athu zimasinthanso.

Ndinatenga yachitatu: ya R32, ya inverter (yosintha liwiro yokha m'malo moyaka n'kuzima), mphamvu yake 12,000 BTU, yokwanira chipinda chimodzi chachikulupo. R32 si wachilendo kwenikweni. Theka la R410A ndi R32 yemweyo, ndipo Daikin inayamba kugulitsa makina a m'nyumba a R32 ku Japan mu 2012. Nayenso ndi HFC, choncho si mathero a nkhaniyi, koma ndi amene ali ndi mtunda wautali patsogolo pake mwa omwe ndinawapeza.

Pamene ndinakhumudwa ndi pa mtengo woikira. Ine ndinkaganiza kuti tingozula mabokosi awiri akale, n'kumangirira atsopano pamapaipi omwe anali kale m'khoma. Amisiri anakana kwamtuwagalu. Anafotokoza kuti makina a R22 amayendera mafuta a mtundu wina, pamene a R32 ndi R410A amayendera mafuta opangidwa mwapadera omwe sagwirizana ndi otsalira akalewo, komanso amayamwa chinyezi msanga. Kuwonjezera apo gasi watsopanoyu amakankha mapaipi ndi mphamvu yoposa ya R22 ndi theka kapena kupitirirapo. Paipi yakale, yopyapyala, yomwe yatulutsa kale gasi, singadalirike. Ndinadandaula, ndinayesa kunenerera, koma iwo anangoti, "Bambo, ngati mukufuna mapaipi akalewa, pezani wina aike. Ine dzina langa lisakhalepo." Tinagula mapaipi atsopano a kopa, zokutira zake, waya watsopano ndi chitsulo chokhazikapo bokosi la panja. Zonse pamodzi ndi ntchito zinawonjezera ndalama yoti aliyense wokonzekera kugula aiwerengeretu, asamangoyang'ana mtengo wa pashelefu.

Tsiku loika ndinakhala nawo kuyambira m'mawa. Gasi wochepa yemwe anatsala m'makina akale anamukokera m'silinda m'malo momutulutsira kunja, ngakhale kuti ambiri amangomasula nati n'kusiya kuti afwoo. Atalumikiza mapaipi atsopano anamangirira kapampu kotulutsa mpweya ndi chinyezi, n'kukasiya kakulira kwa mphindi zoposa 30. Atazimitsa anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumwa thobwa, maso ali pa geji, kudikira kuti aone ngati muvi usuntha. Sunasunthe. Pamenepo m'pamene anatsegula mavavu kuti gasi wobwera ndi makina alowe m'mapaipi. Mnzanga wina amene anaikitsa yake mwezi womwewo anandiuza kuti kwa iye ntchito yonse inatha mu ola limodzi, popanda pampu iliyonse. Yake yathiridwa kale gasi kamodzi. Yanga, miyezi 9 tsopano, sinathiridwe ngakhale kadontho, ndipo atabwera kudzayeza mu Meyi anapeza zonse zili m'malo mwake.

Tinaika kumapeto kwa Seputembala, choncho mayeso enieni anabwera nthawi yomweyo. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene malata amachita kulira ndi kutentha, chipinda chinkazizira m'mphindi zochepa. Chomwe amayi anayamba kuyamikira ndi bata. Yakale ija inkati ikayaka, khoma lonse gwedee, ikazima phii, kenako n'kudzidzimutsanso munthu pakati pa tulo. Ya inverter imayamba mwamphamvu, kenako kompuresa imatsitsa liwiro n'kumangoyenda pang'onopang'ono usiku wonse. Timaiika pa 25 kapena 26, osati 16 monga ambiri amachitira poganiza kuti izizira msanga. Pa mayunitsi kusiyana kulipo ndithu. Ndimayang'ana mita madzulo ndi m'mawa, ndipo usiku umodzi wa makina atsopanowa umadya mochepa moonekeratu poyerekeza ndi kale. Koma ulemu umenewu ndisaupereke wonse kwa gasi. Mbali yaikulu ndi ya inverter, komanso yakale ija inali yokalamba, yoyenda ndi gasi woperewera.

Tsopano zowawa zake. Mu Febuluwale, usiku wa mvula ya ziphaliwali, magetsi anazima n'kubwera, n'kuzimanso, n'kubweranso mwamphamvu. M'mawa makina anangoonetsa nambala yophethira, osayaka. Bolodi ya zamagetsi yoyendetsa makina, ya m'bokosi la panja, inali itapsa. Apa m'pamene ndinaisowa yakale, chifukwa ija inali chitsulo ndi mawaya chabe, ikafa nthawi zambiri inali kapasita, ndipo mmisiri aliyense wa mafiriji ankaidzutsa tsiku lomwelo. Bolodi yatsopano tinaidikira masabata atatu kuchokera ku South Africa, amayi akugonera fani m'nyengo ya chinyezi chomata thupi. Mbali ina ndi yanga: amisiri anandiuza pa tsiku loyamba kuti ndigule kachipangizo koteteza, kofanana ndi kamene timaika pa firiji koma kamphamvu, kamene kamachedwetsa makina kuyaka magetsi akangobwera. Ndinazengereza poona kuti ndawononga kale zambiri. Pano kalipo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo magetsi azima kambirimbiri popanda chovuta. Aliyense wogula ya inverter kuno akawerengere pa mtengo wa makina.

Vuto lina linali laling'ono. Mu Januwale madzi anayamba kutsika pakhoma m'chipinda. Mavu anali atamanga dothi kukamwa kwa kapaipi kotayira madzi. Ndinachotsa ndi kawaya, n'kumangapo kansalu ka neti. Mafyuluta ndimatsuka ndekha ndi madzi masabata awiri kapena atatu alionse.

Anthu amandifunsa ngati sindikuopa kuti R32 amayaka moto. N'zoona kuti amatha kuyaka, koma movutikira: ali m'gulu lomwe amalitcha A2L, la magasi oyaka pang'ono, losiyana ndi gasi wophikira. Makina a kukula ngati angawa amanyamula gasi wosakwana kilogalamu imodzi. Ine ndimagona mtima uli m'malo. Chomwe ndimaopa ndi mmisiri wosaphunzira, wowotcherera paipi gasi adakali mkati, kapena wonyamula geji ndi silinda imodzi yothira paliponse. R32 asathiridwe m'makina a R22, chifukwa sanapangidwire mphamvu imeneyo, ndipo silinda yopanda chizindikiro chomveka bwino isayandikire makina anu ngakhale itatchipa bwanji. Gasi akamasowa, wachinyengo amachuluka. Musanalole munthu kukwera makwerero, mufunseni ngati anagwirapo R32 ndiponso ngati wabwera ndi pampu.

Kodi ndingaigulenso? Inde, ndipo ndingaitanenso amisiri omwewo. Pa kuziziritsa, bata ndi mayunitsi ndakhutira kwambiri. Pa kupirira magetsi osakhazikika ndi kupezeka kwa zida zosinthira, yakale inali patsogolo, ndipo ndikanakonda ogulitsa makinawa akanamasunga mabolodi m'dziko momwe muno.

Pabalaza tili ndi AC ina ya R22, mnzake wa ija tinachotsa. Amisiri anaiyeza, anapaka sopo m'malo onse olumikizira, osaona thovu ngakhale limodzi. Tagwirizana kuti tiisiye igwire ntchito, tizingoitsuka, koma tsiku limene idzayambe kutulutsa gasi pa koyilo sitidzathiranso. Ndayamba kale kusunga pang'onopang'ono ndalama ya makina, mapaipi ndi kachipangizo koteteza kaja. Amisiri abweranso kumapeto kwa Ogasiti kudzatsuka zonse ziwiri, fumbi la mwera litachepa, kutentha kusanayambe.