Mnyamata wa ku Ngabu amene anadzutsa uvuni wanga

Ndimaphika masikono ndi makeke kuno ku Nchalo. Masikono ndimapikulitsa kwa anyamata ogulitsa pamsika ndi pasiteji ya minibasi, makeke ndi a maukwati ndi zinkhoswe. Fizi ya ana imachokera mu uvuni, ndiye uvuniwo ukafa sindigona tulo. Amayi anzanga angapo akhala akundifunsa za mmisiri amene anandikonzera sitovu mwezi wa Novembala, ndipo ndaona kuti ndifotokoze kamodzi, zabwino zake ndi zoipa zake.

Sitovu yanga ndi ija ya mapuleti anayi pamwamba, uvuni pansi, ndi kagalasi kutsogolo koonetsa nthawi ndi kutentha. Anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni. Mapuleti ali ndi zopotokola zawozawo, koma uvuni umalamulidwa ndi mabatani a pakagalasi paja. Vuto linayamba pang'onopang'ono. Ndikaika thireyi yachiwiri, sitovu inkalira ngati foni, pakagalasi n'kutuluka chilembo F ndi manambala, uvuni n'kuzima. Ndikazimitsa swichi yapakhoma n'kudikira, inkayambanso. Ndinapirira nazo sabata ziwiri, masikono ena n'kumatuluka aawisi m'kati. Kenako tsiku lina m'mawa chilembocho chinatuluka ndisanaike n'komwe kanthu, osachokanso. Mapuleti onse anayi ankapsa bwinobwino, nsima tinkaphika, koma uvuni uli zii.

Woyamba kumuitana anali bambo wina wa m'dera lathu lomwe lino amene amakonza mafani ndi masimbi. Sanayeze chilichonse. Anati chapsa ndi chitsulo chotenthetsa cha mu uvuni, ndinagula china, anaika, chilembo chili pomwepo. Ndinaimbira shopu ina ya ku Blantyre, iwo atangomva chilembocho anati bodi, kathabwa ka tizipangizo tamagetsi kolamulira uvuni, yatha, aitanitse ina ku South Africa, ndidikire sabata zitatu, ndipo mtengo anatchulawo unali pafupifupi theka la sitovu yatsopano. Ndinali ndi keke ya ukwati wa ku Bangula yofunika pasanathe masiku khumi.

Nambala ya mnyamatayu anandipatsa ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anamukonzera firiji. Mnyamatayu ali ndi kashopu ku Ngabu, ndipo anandiuza kuti zamagetsi anaphunzira ku koleji ya zaluso. Chinandikopa choyamba ndi mafunso ake pafoni. "Amayi, chilembocho chimabwera mukangoyatsa kapena uvuni ukatentha? Poyamba chinkabwera nthawi yanji? Mapuleti akugwira? Kabuku ka sitovuyo muli nako?" Kabukuko ndinali nako, ndinakajambula tsamba la zilembo n'kumutumizira pa WhatsApp. Anandiuza kuti zilembozi tanthauzo lake limasiyana malinga ndi kampani yopanga, ndiye munthu wongomva chilembo pafoni osadziwa mtundu wa sitovu akungolota. Pa yangayi chinkatanthauza kuti mabodi awiri asiya kulankhulana.

Apa ndiime kaye ndidandaule. Anati abwera Lachiwiri, anabwera Lachinayi masana. Lachitatu lonse foni yake inali yozima. Kuchokera ku Ngabu kufika ku Nchalo ndi msewu umodzi wa M1, si ulendo wogonera. Atafika anapepesa kuti anali pa mpope wa munthu wina, koma uthenga umodzi ukanandipulumutsa kukhala pakhonde tsiku lonse ndikuyang'ana njinga iliyonse yodutsa. Izi ndinamuuza pamaso, ndipo ndikubwerezanso pano.

Ntchito yake ndiyo inandiiwalitsa mkwiyo. Anayamba ndi kuzimitsa swichi yapakhoma, n'kukazimitsanso ya sitovu m'bokosi la magetsi, kenako n'kuyeza ndi mita yake kuti atsimikize kuti mulibedi moto asanagwire waya aliyense. Anali atayeza kale magetsi obwera m'nyumba, anali pafupi ndi mavolti 230 monga ayenera kukhalira kuno ku Malawi. Akumasula chitsulo cha kumbuyo anandifotokozera m'njira yoti ine wa ku Nchalo ndimve. "Amayi, tengani ngati ku esiteti. Bodi yakutsogolo, ya mabataniyi, ndi kapitawo. Bodi yakumbuyo ndi wantchito, ndi imene imatsegula ndi kutseka magetsi opita ku zitsulo zotenthetsa. Pakati pawo pali kachingwe ka timawaya tating'ono konyamula uthenga. Awiriwa amafunsana nthawi zonse. Mmodzi akafunsa mnzake osayankha, sitovu imazimitsa uvuni dala, kuopa kutentha popanda woulamulira. Ndiye wolakwa akhoza kukhala kapitawo, wantchito, kapena mthenga. Timayamba ndi mthenga chifukwa ndiye wotchipa."

Zimene tinapeza kumbuyoko zinandichititsa manyazi, ine amene ndimakolopa khitchini kawiri patsiku. Zitosi za mphemvu, nyerere zakufa, ufa wosakanikirana ndi mafuta. Iye anati tizilomboti timakonda mofundamo ndipo m'masitovu ambiri kuno amapezamo zomwezo. Pomwe kachingwe kaja kamalumikizana ndi bodi, timano take tinali titachita dzimbiri lobiriwira. Anajambula kaye chithunzi kuti asasokoneze pobwezeretsa, anazula kachingweko, anapopera mankhwala otsukira zamagetsi, n'kupukuta ndi kaburashi. Kenako anayeza kawaya kalikonse pakokha, mbali iyi ndi mbali iyo, akukapinda pang'ono kuti aone ngati kaduka m'kati. Timawaya tonse tinali tamoyo. Anabwezeretsa, tinayatsa, chilembo chinachoka, wotchi inabwerera.

Ine ndinalowa kuchipinda kukatenga ndalama. Iye anakana. "Amayi, munati poyamba chinkabwera pa thireyi yachiwiri. Tiyatse uvuni tidikire." Tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikumwa thobwa, kunja kukuotcha monga mukudziwira Novembala wa kuchigwa kuno. Patadutsa mphindi ngati 25 sitovu inalira. Chilembo chija chabwerera.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ndapeza mmisiri, chifukwa wina akanakhala atafika kale ku Ngabu ndi ndalama yanga m'thumba. Iye anati dzimbiri lija linali vuto lenileni, koma linabwera pamwamba pa lina lakale. Mabodiwa sagwiritsa ntchito mavolti 230 mwachindunji. Pabodi yakumbuyo pali kagawo kotsitsa magetsi kufika pa mavolti 5, amene tizipangizo tolankhulana tija timadya. Anayeza pamenepo uvuni uli wotentha, mosamala kwambiri, atandiuza kuti ndiime patali ndi ana. Nambala pamita sinkakhazikika, inkatsika n'kukwera. Atazimitsa zonse n'kuchotsa bodiyo anandionetsa kanthu konga kachitini kakang'ono, amati kapasita, kamutu kake katatupa. Anandionetsanso ndi galasi lokulitsa kuti pamano awiri a cholumikizira chija mtovu wowotcherera unali utang'ambika mozungulira. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, mng'alu umatseguka, uthenga umaduka. N'chifukwa chake poyamba vuto linkadikira thireyi yachiwiri.

Ndinamufunsa chimene chinapha kapasitayo. Anatchula ziwiri. China ndi kutentha. Akuti lamulo lomwe amisiri amayendera ndi loti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita wamtunduwu umafupika ndi theka. Khitchini yanga ndi yamalata yopanda siling'i, sitovu ndinaikankhira kukhoma osasiya mpata, ndipo ndimaphika maola ambiri kudera komwe kunja kokha kumapitirira madigiri 40. China ndi kuzimazima kwa magetsi. Sitovuyi inadutsa mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, pomwe magetsi ankapita ndi kubwera tsiku ndi tsiku. Magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu, ndipo choyamba kuwalandira ndi kagawo kotsitsa kaja. Ine swichi yapakhoma ndinkaisiya yoyatsa usana ndi usiku kuti wotchi isasokonekere.

Bodiyo anapita nayo ku shopu kwake. Ndinaopa, poganizira za Lachitatu lija, koma Loweruka m'mawa anali pakhomo. Anaika kapasita yatsopano yolembedwa kuti imapirira madigiri 105 m'malo mwa ya 85 imene inalipo, anasinthanso inzake yoyandikana nayo, n'kuwotcherera mano onse a cholumikizira. Zakalezo anandibweretsera m'kapepala kuti ndione. Anakhala mpaka mathireyi atatu a masikono atatuluka. Zonse pamodzi, ntchito, zipangizo ndi thiransipoti ya maulendo awiri, ndinalipira K45,000. Risiti sanandipatse, anati kabuku kanatha, ndipo chitsimikizo cha miyezi itatu chimene analonjeza chili pakamwa pokha. Ndikanakonda achilembe.

Anandiletsa chinthu chimodzi chimene ndinali nditatsala pang'ono kuchita: kugula kachipangizo koteteza firiji kaja n'kukaika pasitovu. Kameneko ndi ka pulagi ya maampu 13, pomwe sitovu yonse imakoka kuposa pamenepo ndipo ili ndi waya wakewake. Choteteza sitovu chimaikidwa m'bokosi la magetsi ndi munthu wodziwa. Anandiuzanso kuti ine malire anga ndi swichi yapakhoma: kuzimitsa, kudikira mphindi khumi, kuyatsa, kujambula chilembo chikabwerera. Kumbuyo ndisatsegule, chifukwa makapasita ena amasunga moto ngakhale mutazimitsa.

Keke ya ku Bangula inapita pa nthawi yake, ya masitepe atatu. Sitovu tinaisuntha pakhoma mpata wa chikhatho, ndipo magetsi akangozima mwana amene ali pafupi amathamangira kuswichi. Kwa amene muli pakati pa Dyeratu ndi Bangula ndipo sitovu yanu ikuonetsa zilembo, mnyamatayu ndingamuitanenso mawa. Koma mugwirizane tsiku, mumuimbirenso dzulo lake madzulo, ndipo oda ya keke musailonjeze potengera tsiku loyamba limene wakuuzani.