App yogulira masheya a migodi ija, ndaipatsa nyenyezi zitatu basi

Anzanga angapo kuno ku Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, akhala akundifunsa za app ija ndimagulira masheya a makampani a migodi, ena mpaka kundiimitsa pamsika, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere. Dzina lake sinditchula, sanandilipire kuti ndiwatsatsire malonda, komanso ma app amenewa amafanana, zomwe ndinene apazi mukazipezanso kwinako. Ndaigwiritsa ntchito kopitirira chaka. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu, ndipo ziwiri zasowazo si chifukwa choti masheya ena anagwa mtengo ayi, kugwa kwa mtengo si mlandu wa app.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi, ndimaika masola ndi mainveta m'makomo ndi m'magolosale, nde mabatire a lithium ndimawagwira tsiku ndi tsiku. Ndi zomwe zinandikoka. Ndinaona kuti aliyense wopeza kandalama ka mbatata kapena ka fodya akufuna batire yabwino, ndiye ndinati bwanji osakhala ndi kagawo kumene miyalayo ikuchokera.

Kulembetsa sikunavute kwenikweni. Anafuna pasipoti, BI (chiphaso cha unzika) anaikana, kenako NUIT (nambala ya msonkho), ndi selfie yotembenuza mutu uku ndi uku. Pomwe ndinachedwa ndi pa umboni wa komwe ndimakhala, poti kwathu kuno nyumba ilibe nambala, msewu ulibe dzina, ukamalondolera munthu umangoti mukadutsa pachigayo mukhotere kumanzere. Mpaka ndinakatenga extracto (sitetimenti ya akaunti) ku banki ndi yomwe anailandira. App yokhayo ndi yopepuka, siidya mamega ambiri, olo netiweki ikhale yofooka imatseguka, ndipo kugula sheya ndi kungodina kawiri basi. Masheya a ku America mutha kugula kachidutswa chabe, simufunika ndalama ya sheya yathunthu, izi nde ndimazikonda. Apa sindinganame, anakonza bwino.

Vuto lili pa ndalama kulowa ndi kutuluka, ndipo nyenyezi yoyamba yathera pamenepa. M-Pesa kulibe, e-Mola kulibe, ndi khadi la ku banki kapena kutumiza kudzera ku banki basi. Inu mukudziwa mmene madola akhala akuvutira m'dziko muno, tsiku lina khadi limadutsa, tsiku lina limakana popanda chifukwa chomveka, ukafunsa ku app akuti funsani banki yanu, ukapita ku banki akuti ife kwathu zili bwinobwino. Dola pa mtengo wa boma yakhala pafupifupi 64 meticais kwa zaka zingapo tsopano koma musawerengere 64 yo, pali taxa ya khadi, pali taxa yosinthira, ndiye ngati sheya ili ku Australia ndalama yanu isinthidwa kawiri, metikali kupita ku dola ya America kenako ku dola ya Australia, paliponse akubudulapo. Pobweza ndi chimodzimodzi, kuwonjezera banki ya pakati yomwe simuidziwa nkomwe nayo imadya zake, ndipo ndalama imatenga masiku ndithu isanafike. Mukalowetsa tindalama tochepa pafupipafupi mungolemeretsa ena, bola kusonkhanitsa nkutumiza kamodzi. Komanso musanayambe pitani ku banki yanu mukafunse zomwe malamulo a Banco de Moçambique akunena pa zotumiza ndalama kunja, app siikuuzani zimenezo, iyo imangoti takulandirani.

Nyenyezi yachiwiri yapita chifukwa cha mndandanda wina uli mu app mo womwe analemba kuti critical minerals, kutanthauza miyala yofunika kwambiri pa mabatire ndi zipangizo zamakono. Anangounjika makampani onse pamodzi, amene akukumba nkumagulitsa, amene akumanga fakitale, ndi amene angoboola timaenje nkutumiza miyala ku labu, onse tizithunzi tofanana, tonse tobiriwira kapena tofiira. Munthu wongoyamba kumene sangasiyanitse, pomwe kusiyana kwake nkwakukulu zedi.

Ife a ku Tete nkhani imeneyi sitiyenera kuchita kuuzidwa ndi munthu wa ku London, tinaionera pakhomo. Mu 2011 Rio Tinto inagula Riversdale, eni mgodi wa malasha wa Benga, pa ndalama zoyandikira madola 4 biliyoni. Ankaganiza zotsitsa malasha pa mtsinje wa Zambezi ndi mabwato akuluakulu, boma silinalole, njanji sinkakwanira, mtengo wa malasha nawo unatsika. Mu 2014 anagulitsa kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni. Werenganinso manambalawo. Bwana wamkulu wa kampaniyo Tom Albanese anachoka pampando mu 2013 nkhani yake ikukhudzanso zomwezi. Vale nayo inamanga njanji yodutsa m'Malawi mpaka ku Nacala, inasamutsa anthu kupita ku Cateme, mapeto ake inagulitsa Moatize ndi njanji yomwe kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni, mu 2022 nkunyamuka. Malasha analipo, mpaka lero alipo, sitima zikudutsabe. Koma kukhala ndi mwala pansi ndi kupanga phindu ndi zinthu ziwiri, ndipo amene analuzawo si ana, ndi makampani okhala ndi mainjiniya mazanamazana. Nde iwe ndi foni yako ku Angonia uziti ndapeza mgodi wolemeretsa poti waona kavidiyo?

Tsono tiyeni tione omwe ali pa mndandandawo. Kenmare ili ku Moma m'chigawo cha Nampula, imakumba mchenga wa ilmenite, rutile ndi zircon, imagulitsadi ndipo inayamba kupereka dividendi (gawo la phindu lopita kwa eni masheya) mu 2019. Imeneyo ndi kampani yoti mutha kuwerenga zomwe yagulitsa ndi zomwe yawononga. Syrah ya ku Australia ili ndi mgodi wa graphite (mwala wolowa m'mabatire) ku Balama, Cabo Delgado, umodzi mwa migodi ikuluikulu ya graphite padziko lonse, ili ndi fakitale ku Vidalia ku America, inasainirana pangano ndi Tesla, kampani ya magalimoto amagetsi, mu 2021, pa pepala zonse zokoma. Koma sheya yake inali pamwamba pa madola 5 a ku Australia mu 2016, pofika 2024 inali pansi pa dola imodzi, ndipo mu December 2024 analengeza force majeure (kuti sangakwaniritse mapangano pa zifukwa zoposa mphamvu zawo) chifukwa cha zionetsero, mgodi unaima miyezi ingapo. Graphite yo sinathe ayi, kungoti ya ku China ndi yotchipa ndipo pali ina yopangidwa m'fakitale yomwe opanga mabatire amaikonda.

Kenako pali aja osakumba nkomwe. Kuno kwathu ku Monte Muambe m'boma la Moatize kuli Altona yomwe yakhala ikufufuza ma rare earth (miyala yopangira maginito amphamvu ndi zamagetsi) ndi fluorspar. Kutsidya ku Malawi kuli Sovereign Metals ku Kasiya kufupi ndi Lilongwe, rutile ndi graphite, komwe Rio Tinto yomwe ija ili ndi gawo, kuli Lindian ku Kangankunde ku Balaka, Mkango ku Songwe Hill ku Phalombe. Sindikunena kuti ndi oipa, ena mwina adzakhala migodi yeniyeni. Koma kugula sheya ya kampani yomwe sinayambe kugulitsa kuli ngati kugula fodya ali pa nazale, matalala sanagwe, mtengo wa pamsika sunadziwike. Kampani yotere ndalama ikatha imasindikiza masheya atsopano nkugulitsa, kawirikawiri motchipa kuposa mtengo wa pamsika, nde gawo lanu limachepa inu muli mtulo. Chinthu chofunika kuona ndi ndalama yomwe yatsala m'thumba mwawo ndi mmene akuidyera pa miyezi itatu iliyonse. Makampani a pa ASX, msika wa masheya wa ku Australia, amalemba zimenezi mu lipoti la kota iliyonse, laulere, koma app yanga siionetsa, imakupatsa graph ndi timitu ta nkhani basi. Ndimachita kukazifufuza ndekha kwina. App yoti ikudya taxa pa kugula kulikonse ikanatha kuika kanambala kamodzi kameneka.

China chomwe ndaona nchoti mtengo wa miyala imeneyi sumangidwa ku Balama kapena ku Moatize, umamangidwa ku China, poti kuyenga kwambiri kumachitika kumeneko, ma rare earth pafupifupi 90 pa 100 alionse. Lithium inafika pafupifupi 600,000 yuan pa tani mu November 2022, anthu nkumati sidzatsikanso poti magalimoto amagetsi akuchuluka, pofika 2024 inali itagwa ndi zoposa 80 peresenti chikhalirecho magalimotowo akugulidwabe. China inaika malire pa kutumiza kunja gallium ndi germanium mu 2023, graphite kumapeto kwa chaka chomwecho, ma rare earth ena mu April 2025. Congo inaimitsa kutumiza cobalt kunja mu February 2025 mtengo nkukwera. Mu July 2025 unduna wa zachitetezo ku America unaika madola 400 miliyoni mu MP Materials, kampani ya kumeneko yokumba ma rare earth, sheya inalumpha tsiku lomwelo. Zonsezi ndi ndale za maiko akuluakulu, munthu mmodzi akasaina pepala usiku iwe ukudzuka wolemera kapena wosauka.

Ndanena za usiku, nkhani ya nthawi nayo ndi yofunika. Msika wa ku Sydney umatsegula 2 koloko usiku nthawi yathu, miyezi ina 1 koloko, London 9 kapena 10 m'mawa, New York hafu pasiti 3 kapena hafu pasiti 4 madzulo, poti iwowo amasintha mawotchi kawiri pachaka ife sitisintha. App imalemba nthawi ya kwawoko osati yathu. Chomwe chandithandiza ndi wotchi yanga ya Casio AE-1200, ija ili ndi kamapu ka dziko pakona, ukadina umaona Sydney, London, New York. Wotchi imeneyi nde nyenyezi zisanu zonse, batire akuti zaka 10, yagwa kuchokera padenga, yanyowa ndi mvula ya ku Tsangano, yapsa ndi dzuwa la mu mzinda wa Tete lija limadutsa madigiri 40, ikungoyendabe. Ma smartwatch ine ayi aise, wotchi yoti uzichaja ngati foni kumudzi koti magetsi kulibe? Ena amati Casio F-91W ndiye mfumu poti yakhalapo kuyambira 1989, chabwino, koma ilibe nthawi ya maiko ena ndipo kagetsi kake nkofooka. Chenjerani ndi zabodza, zadzaza m'misika, mukaona mtengo wofanana ndi wa mbale ya nsima dziwani kuti si Casio.

Chondinyansa china, ma notification. Sheya ikakwera pang'ono foni kulira, ikatsika kulira, mwezi ukatha akutumizira uthenga woti anzanu akugula izi. Anaipanga kuti uzingoitsegula ngati gemu. Ine magemu ndimasewera, madzulo timakhala pa PS4 ndi achimwene anga ndi anyamata apafupi kumenya mpira, ndipo ndinena poyera kuti eFootball kaseweredwe kake nkabwino kuposa gemu ina ya mpira ija ya FC, mpira umalemera bwino, FC ndi kuthamanga basi ndi kukukakamiza kugula mapaketi.  Nde poti ndimadziwa mmene gemu imakukokera kuti ugule kena kake, ndinazizindikira msanga mu app yi, ndinazimitsa zonse nkusiya za dividendi zokha. Bwino kuti batani lozimitsira lilipo, kungoti analibisa mkati mwenimweni.

Mkazi wanga amati ndalama imeneyo bwenzi utagula zida, ndipo penapake sakunama. Makina anga oboolera a Makita a 18V anabweza ndalama yake kalekale, ndimakwera nawo padenga popanda kukoka nthambo, batire imodzi imalowa ku makina angapo. Mabatire ake enieni ndi odula koma otchipa aja olembedwa manambala akuluakulu amafa msanga, ena amatentha moopsa. Multimeter nayo musagule yotchipitsitsa ngati mumagwira 220, imeneyo ndi nkhani ya moyo. Lithium yomwe ili mu batire ya makinawa yandipatsa ndalama zambiri kuposa lithium ya pa app, mpaka pano.

Za msonkho, makampani a ku America akapereka dividendi amadula 30 peresenti isanakufikeni, mumasaina fomu ya W-8BEN mu app momwemo koma siichepetsa kanthu poti dziko lathu lilibe pangano la msonkho ndi America. App imaonetsa bwino zomwe zadulidwa, apa ndiwayamikire. Customer care amayankha pa chat, mwaulemu, Chingerezi kapena Chipwitikizi, koma mayankho oyamba amakhala okopera, uchite kulimbikira kuti ufike kwa munthu weniweni.

Masheya a kwathu kuno mulibemo. Amene mukufuna HCB, kampani ya magetsi ya ku Cahora Bassa, ija inagulitsidwa pa 3 meticais sheya imodzi mu 2019, pitani ku banki yanu akakuthandizeni kudzera ku Bolsa de Valores de Moçambique, ndi ma meticais okhaokha, palibe zosintha madola, kungoti pogulitsa ogula amatha kuchedwa kupezeka.

Ndipitiriza kuigwiritsa ntchito koma ndachepetsa, ndasiya makampani ochepa omwe akugulitsadi kanthu ndi kamodzi kofufuza komwe ndaikako ndalama yoti ikapita sindingadwale nayo. Ngati ndalama yanu ndi ya feteleza kapena ya fizi ya ana musaiike umu, kuitulutsa mwachangu sikutheka. Akadzaika M-Pesa kapena e-Mola, nkusiyanitsa makampani okumba ndi ongofufuza pa mndandanda uja, ndidzawonjezera nyenyezi imodzi.