Forester SG ya otomatiki patatha miyezi pamsewu: kunjenjemera pokhota ndi kudya matayala akumbuyo

Subaru Forester SG, ya zaka za 2002 mpaka 2008, imafika kuchokera ku Japan ili bwinobwino, ndipo pamatope ndi pa misewu yafumbi imagwira pansi mosakayikitsa. Madandaulo amayamba matayala obwera nawo akatha. Galimoto imayamba kunjenjemera kapena kudumphadumpha pokhota pang'onopang'ono, monga polowa pamalo oimikapo, ngati wina wagwira buleki. Ambiri amathamangira kunena kuti giyabokosi yafa. Nthawi zambiri mlandu ndi wa matayala.

Galimoto iyi imayendetsa mawilo onse anayi nthawi zonse. Pa giyabokosi ya otomatiki ya magiya anayi, yotchedwa 4EAT, mphamvu imapita ku mawilo akumbuyo kudzera pa kilachi yotchedwa transfer clutch, ndipo kilachi imeneyi imafuna kuti mawilo azizungulira mofanana. Matayala asasiyane ndi mamilimita opitirira 6 mukawayeza mozungulira. Tayala latsopano la mano a mamilimita 8 ndi lakutha la mamilimita 3 amasiyana ndi mamilimita 31 mozungulira, ngakhale onse alembedwe 215/60R16. Zikatero, kilachi imangokhulana ulendo wonse, oyilo nkutentha, mapuleti nkuyamba kumatirira. Ndiye chizolowezi chathu chija chogula tayala limodzi la kaunjika lina likaphulika pa dzenje ndicho chimapha galimotozi.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Popani matayala molingana ndi chipepala cha pa chitseko cha dalaivala. Imikani pamalo osalala, lembani choko pansi pa tayala lililonse, kankhani galimoto molunjika mpaka tayala limodzi litazungulira kakhumi, muone ngati zizindikiro zonse zabwerera pansi limodzi. Kenako tsegulani bokosi la mafyuzi mu injini, muike fyuzi pa malo olembedwa FWD kuti galimoto izikokera kutsogolo kokha, muyende mozungulira chiwongolero chitapindidwa mpaka kumapeto. Kunjenjemera kukatha, solenoid C, kavavu kamagetsi kolamulira kilachiyo, ikugwira ntchito ndipo kilachi ikumasuka: konzani matayala, sinthani oyilo wa giyabokosi, ndipo kawirikawiri zimathera pomwepo. Kukapitirira, solenoid yafa kapena mapuleti akumba mizere mu dramu ya kilachi, ndiye kumbuyo kwa giyabokosi kuyenera kutsegulidwa. Sikuti giyabokosi yonse itayidwe ayi. Fyuziyo muichotse mukamaliza kuyesa. Magalimoto okhala ndi VTD, njira ina yogawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka a turbo, njira ya fyuziyi sawagwirira, ndipo pa ya manyuwo chomwe chimamata ndi viscous coupling, chipangizo cha mafuta olimba chapakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo vuto lake limadziwika galimoto ikatentha pa ulendo wautali.

Phokoso la kumbuyo ndi nkhani ina. Kulira kokula ndi liwiro, komwe kumasintha mukapendekera kumanzere kapena kumanja, ndi bering'i ya wilo. Kulira kosintha mukaponda kapena kusiya moto ndi difu, magiya ogawa mphamvu ku mawilo awiri akumbuyo. Onani oyilo wake, 75W-90 GL-5, pafupifupi malita 0.8, ndipo masulani pulagi yothirira musanamasule yokhetsera. Kugunda pansi pa mipando ponyamuka kumachokera ku center bearing, bering'i yapakati pa propshaft (chitsulo chotengera mphamvu kumbuyo), kapena mabushi a difu. Musanagule chilichonse mwa izi, sisitani tayala ndi chikhatho. Likakhala ndi mabampu ngati mano a sowo, limalira ndendende ngati bering'i, ndipo mukalisamutsira kutsogolo phokoso limalitsatira.

Tayala lakumbuyo lodyeka m'mphepete mwa mkati limasonyeza toe (momwe mawilo aloza mkati kapena kunja) yosokonekera, mabushi otha a lateral link (zitsulo zogwira wilo m'mbali), kapena masipuling'i ofooka chifukwa cha katundu. Mabampu aja amabwera ndi mashoko otha. Alayimenti ikhale ya mawilo onse anayi, ndipo mabushi asinthidwe kaye, apo ayi ndalama yangotayika. Mabawuti osinthira toe amachita dzimbiri, choncho athiridwe mafuta omasulira dzulo lake.

Kwa amene angathe kugula matayala anayi ofanana nthawi imodzi nkumawasinthanitsa pa makilomita 10,000 aliwonse, Forester imeneyi ndi yolimba. Amene thumba lake limalola tayala limodzilimodzi ndi bwino agule galimoto yokokera kutsogolo kokha.