Chakudya cha amphaka chilipo chabwino, koma wa pakauntala anatsala pang'ono kundiphera mphaka

Shopu ya mankhwala a ziweto ya m'tauni muno mu Mzuzu, ija imagulitsanso chakudya cha nkhuku ndi cha agalu, ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Mwa zitatuzo, ziwiri ndi za mwini wake. Zikanakhala za mnyamata amene amakhala pakauntala, sindikanapereka ngakhale imodzi.

Mphaka wanga Mphatso ndi wa mtundu wa Sphynx, uja wopanda ubweya. Anabwera naye mchemwali wanga kuchokera ku Johannesburg, ndipo pobwerera kuntchito anandisiyira. Agalu a aneba kwathu ku Chibavi ali ndi utitiri wosaneneka, ndiye nditaona timadontho tofiira pamimba pa Mphatso ndinamuika m'basiketi n'kupita naye pashopupo kuti amuone asanandigulitse chilichonse.

Mnyamatayo atangosuzumira m'basiketi anaphulika kuseka, n'kuitana mnzake kuti adzaone, foni ili kale m'manja akujambula osandipempha. Kenako akuti, "Mayi, iyi ndi mphere yeniyeni, ubweya wonse wayoyoka. Mwachedwa naye." Ndinamuuza kuti mphakayu anabadwa choncho, ndi mtundu wake, ndipo unayambira ku Toronto, dziko la Canada, mu 1966, pamene mphaka wamba anabereka kamwana kopanda ubweya. Iye ankangogwedeza mutu uku akumwetulira, kusonyeza kuti zimene ndikunena ndi nthano. Anatenga chibotolo pansi pa kauntala n'kupungulira mankhwala m'kabotolo kopanda cholemba chilichonse, ngati mmene amapungulira mafuta ophikira kumsika, n'kunditchaja K6,500. "Mumudonthezere kumbuyo kwa khosi, mawa utitiri ndi mphere zonse zatha. Agalu timawapatsa omwewa." Ndinafunsa momveka bwino, "Achimwene, a amphaka ndi omwewanso?" Yankho lake silidzachoka m'mutu mwanga: "Chiweto ndi chiweto, mayi."

Ndinamudonthezera masana. Pofika madzulo Mphatso anayamba kutuluka dovu, makutu akugwedezeka okha, khungu la kumsana likuthamangathamanga. Pa mphaka wa ubweya mwina simungaone msanga, koma pa uyu mnofu uliwonse ukamanjenjemera umaonekera poyera. Poti unali mwezi wa June, a m'nyumba ankati ndi kuzizira kwa Mzuzu kuja, timufunditse bulangete. Atafuna kuyenda anapepesuka n'kugwa chammbali, miyendo ikukoka. Mwana wanga wamng'ono anayamba kulira, ine manja ali njenjenje ndikufunafuna nambala ya palisiti.

Anayankha ndi mwini shopu, bambo wachikulire amene ndinali ndisanakumanepo naye. Nditafotokoza za kabotolo kaja anangoti chete pang'ono, kenako n'kuyamba kundilamula mwachangu. Anati ndimusambitse pomwepo ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, chifukwa otentha amalowetsa mankhwala msanga m'khungu, ndipo ozizira angamuziziritse thupi. Sopo akhale wamadzi uja wotsukira mbale, kuti achotse mafuta a mankhwalawo. Ndisamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, ndipo Panado ndisayerekeze n'komwe, pakuti yekhayo amapha mphaka. Pasanapite nthawi anafika panjinga yamoto, jekete itanyowa ndi mvula yowaza ija. Anamubaya jakisoni woletsa kukoka kwa minofu, n'kumuika madzi a dripu pansi pa khungu, ndipo anakhala pampando m'chipinda chochezera mpaka usiku ndithu, akumuyeza kutentha kwa thupi pafupipafupi. M'mawa mwake anabweranso, atanyamula chibotolo chija kuti ndione ndekha. Chinalembedwa permethrin, ndipo pambali pali chithunzi cha mphaka chodulidwa mzere wofiira. Chithunzi chimenecho mnyamata uja anali nacho m'manja pamene ankandiuza kuti chiweto ndi chiweto.

Bamboyo anandifotokozera kuti permethrin ndi mankhwala abwino pa galu, koma chiwindi cha mphaka sichitha kuwachotsa m'thupi, ndiye amakagunda minyewa. Ngakhale mphaka kungogona pafupi ndi galu amene wangodonthezeredwa kumene kungamudwalitse. Timadontho ta pamimba tija anati mwina sitinali utitiri n'komwe, chifukwa khungu la Sphynx limatuluka tiziphuphu mafuta akachuluka. Anapepesa, anandibwezera ndalama ya mankhwala aja, ndipo pa jakisoni, dripu ndi maulendo ake sanalandire tambala. Mphatso anatenga masiku angapo asanayambe kudya bwino, koma pano ali gwa.

Chilungamo chake, mkwiyo wanga unayamba kutsika pamenepo, ndipo shopuyi sindinaisiye. Komanso ndikaisiya ndipita kuti? Muno mu Mzuzu malo opezako chakudya chenicheni cha amphaka ndi owerengeka. Cha m'matumba chimene amagulitsa n'chabwino, chili ndi taurine (mchere wofunika m'thupi umene mphaka amaupeza m'chakudya) monga zalembedwera pathumba, ndipo Mphatso sanatsegule nacho m'mimba. Mtengo wake mukuudziwa kale, ndipo umakwera katundu watsopano akangofika. Kwa ine umapweteka kwambiri chifukwa mphaka wopanda ubweya amadya kuposa anzake. Thupi lake limataya kutentha msanga, ndiye limafuna chakudya chambiri kuti lidzifunditse, makamaka June ndi July muno. Chikatha pashelefu, mnyamata yemwe uja amakukankhira cha agalu, ati n'chimodzimodzi. Musalole, pakuti chakudya cha agalu sichikhala ndi taurine yokwanira mphaka. Mphaka akamasowa taurine amadwala mtima ndi maso, ndipo amphaka a mtundu uwu nthenda ya mtima imawavuta kale. Masiku osowawo mwini shopu anandilangiza nyama ya nkhuku yowiritsa, yopanda mchere, yopanda anyezi kapena adyo. Usipa wa ku Nkhata Bay, umene Mphatso amaulirira akangoununkhiza, anati ndizimupatsa wowiritsa komanso pang'ono chabe, usasanduke chakudya cha tsiku lililonse.

Shampu ya amphaka yopanda fungo imene anandisankhira iye mwini ikugwira ntchito. Amene simunasungepo mphaka wotere simungakhulupirire kuchuluka kwa mafuta amene khungu lake limatulutsa. Popanda ubweya wowayamwa amatsalira pakhungu, m'makwinya, m'makutu ndi m'zikhadabo, n'kusiya mabanga abulauni pamashiti ndi pamakushoni. Ndimamusambitsa sabata iliyonse, masana dzuwa likatuluka, n'kumupukuta mpaka awume ndithu. Tizovala shopuyi ilibe, ndipo sindiwadandaula, chifukwa timajuzi ta makanda ta pakaunjika timamukwana ndikangodula manja. Za dzuwa anandichenjezanso bambo yemweyo: mphakayu amakonda kuwothera pawindo, koma khungu lake limapsa, choncho masana ndimatseka katani.

Chimene sichikundichoka pamtima n'chakuti mnyamata uja akadali pakauntala pomwepo. Mpaka lero sanandiuzepo pepani. Ndikalowa amayang'ana kumbali, ndipo zithunzi za Mphatso zimene anajambula ndamva kuti zinazungulira pa WhatsApp ndi mawu onena za ufiti. Kupungula mankhwala m'timabotolo topanda dzina ndaonanso kuti kukupitirira, ngakhale mwini wake anandilonjeza kuti kutha. Ndiye ngati muli ndi mphaka, wa ubweya kapena wopanda, funsani mwini shopu, ndipo akakhala kulibe bwererani tsiku lina. Mankhwala alionse muuze wogulitsayo akuonetseni botolo limene achokera, muwerenge nokha. Mwini wake amapezeka kwambiri m'mawa, masana amakhala ali kumakola a anthu. Chakudya cha amphaka chatha kuyambira sabata yatha, ndipo nditafunsa pakauntala kuti chibwera liti, yankho linali lakuti ndiziyendera.