M50, a6400, GH5 kapena Blackmagic: iti ingapirire dzuwa la kunyanja kuno?

Funso la kamera landikwana pa WhatsApp, aliyense amatumiza screenshot ya yomwe waiona pa Facebook nkumati achimwene iyi ili bwanji, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Zomwe zimabwerabwera ndi zinayi: Canon M50, Sony a6400, Panasonic GH5 ndi Blackmagic Pocket 4K, zambiri za kaunjika zochokera ku Joni kapena ku Dubai. Za ma megapixel sinditaya nazo nthawi, zitatu zoyambazo zonse zimatulutsa chithunzi chokwana kuika mu fulemu yapabalaza. Nkhani yanga ili pa vidiyo komanso pa grading (kukonza mitundu ndi kuwala kwa vidiyo pa kompyuta), poti kuno ku Mangochi ntchito zathu zambiri ndi maukwati, zinkhoswe, ma nikah ndi ma vidiyo a nyimbo a pamchenga, ndipo zonsezi zimachitikira padzuwa loswa mtengo.

M50 ndithane nayo msanga. Pa zithunzi ndi yabwino, khungu limatuluka lokongola osavutikira pa kompyuta, wa situdiyo kapena wojambula ana asukulu akhoza kudya nayo bwinobwino. Koma 4K yake ndi ya dzina chabe. Ukangoiyatsa chithunzi chimadulidwa kwambiri, lenzi yomwe imaonetsa holo yonse imangotsala ndi mitu ya akwati, ndipo autofocus ija ya Dual Pixel yomwe anthu amaitamanda imachoka. Ilibe log (kajambulidwe kotuwa kothandiza pa grading, ndikafotokoza pansipa), imaima yokha ikamakwana mphindi 30, komanso Canon anasiya makamera a M mu 2023 ndipo malenzi awo atsopano a RF salowa pamenepo. Ngati cholinga ndi vidiyo ya 1080p yongopereka pa flash basi, ikhoza. Kupitirira apo ayi.

a6400 inatuluka mu 2019 ndipo chomwe imaposera zinzake zonse ndi fokasi. Nthawi ya perekani-perekani, azimayi akuvina kubwera kutsogolo, ndalama zikuuluka, ana akudutsa pamaso pa lenzi, iyo imangokakamira pankhope ya mkwatibwi osasiya. Pamenepa sinditsutsa, ngakhale ine wa Panasonic ndimavomereza. Siima pa mphindi 30, ulaliki utalike bwanji. Zosowa zake nazo zilipo: mkati mulibe chochepetsa kugwedera ndiye pamanja vidiyo imanjenjemera pokhapokha lenzi ikhale ya OSS (yokhala ndi chochepetsa kugwedera chakechake), mulibe polowetsa mahedifoni ndiye sukumva ngati maiki yafa, sikirini imatembenukira m'mwamba pomwe umaika maiki, ndipo batire lake la NP-FW50 ndi kakang'ono, ukwati wa tsiku lonse uyenera kunyamula angapo m'thumba. Chenjerani ndi ziwiri pogula. a6300 imaoneka chimodzimodzi koma ndi yodziwika potentha ndi kuzima pa 4K, ndiye taganizani mwezi wa Okutobala ku Monkey Bay. China, makamera a Sony ogulitsidwira msika wa ku Japan menu yake ndi ya Chijapanizi chokhachokha, mtengo ukatsika modabwitsa funsani kaye chilankhulo.

Tsopano pomwe pali nkhani yeniyeni. Kuwala kwa kuno si kwa masewera. Akwati amafuna zithunzi ndi vidiyo kunyanja, nthawi zambiri masana akangotuluka ku tchalitchi kapena ku mzikiti, mkwatibwi wavala zoyera, bambo avala kanzu yoyera, khungu ndi lakuda, kumbuyo madzi akunyezimira, mchenga nawo ukubweza dzuwa m'mwamba. Kamera iyenera kusankha: ukatsegula kuti nkhope ioneke diresi ndi nyanja zimapserera kungokhala pepala loyera, ukatseka kuti nyanja ikhale ya buluu nkhope zimasanduka mthunzi, maso okha ndi mano. Apa ndi pomwe log imathandiza, imajambula chithunzi chotuwa chopanda mphamvu kuti isunge zoyera ndi zakuda zomwe, iwe nkudzabwezeretsa mitundu pa kompyuta.

Vuto ndi loti log si yofanana paliponse. a6400 ili ndi S-Log2 ndi S-Log3 zaulere, koma imajambula 8-bit, kutanthauza masitepe 256 pa mtundu uliwonse. GH5 imajambula 10-bit 4:2:2 mkati momwemo, masitepe 1024. Pa pepala zikuoneka ngati masamu chabe, koma tengani S-Log3 ya 8-bit muikoke mu DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera vidiyo, kuti thambo la madzulo ku Cape Maclear libwerere, muona mizeremizere m'mwambamo m'malo moti mtundu uzisintha pang'onopang'ono, ndipo pamasaya ndi pachipumi pa munthu wakuda pamabwera timadontho tobiriwira kapena tofiirira tomwe sitichoka ngakhale upemphere. Khungu lathu limakhala kumunsi kwa waveform (girafu yoonetsa kuwala kwa chithunzi) komwe log imasunga zinthu zochepa kale, ndiye 8-bit imasweka msanga pa ife kusiyana ndi ma vidiyo a pa YouTube omwe amayesera pa azungu. Amene muli ndi a6400 langizo langa ndi loti S-Log3 isiyeni, gwiritsani HLG kapena Cine4 zomwe sizituwa kwambiri ngati log, muwalitse nkhope mokwanira pojambula pomwepo ndipo grading ikhale yopepuka. Fayilo ya GH5 umaikoka, kuikankha, kusintha kutentha kwa mtundu, khungu nkukhalabe khungu.

Koma 10-bit imeneyi ili ndi mitengo yobisika yomwe ogulitsa sanena, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa mpaka lero. GH5 yanga ndinagula kwa mkulu wina wa mu tauni yemwe analemba poyera kuti V-Log, log ya Panasonic, ilimo kale, mtengo anakwezeranso pa chifukwa chomwecho. Kamera kufika pa basi, kutsegula menu ya Photo Style, muli Standard, Natural, Cinelike D, Cinelike V, V-Log L mulibe. Kumuimbira akuti mwina yabisala mu settings, kenako akuti mupange update, kenako foni osayankhanso, mapeto ake profile picture inasowa. Kwa omwe simukudziwa, pa GH5 V-Log L siibwera ndi kamera, ndi kiyi yogula payokha pafupifupi madola 100, nambala yake umakailowetsa pa intaneti pamodzi ndi kafayilo kochokera mu kamera yakoyo, ndipo ikalowa imakhala ya kamera imeneyo basi, sungabwereke ya mnzako. Madola 100 kwa wina ndi zochepa, koma kuno ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikiza kusaka munthu wa khadi loti lingalipire kunja, ndi ndalama ya ukwati wathunthu. Chomwe chinandipulumutsa nthawi imeneyo ndi choti firmware 2.0 inabweretsa HLG ya 10-bit yaulere, ndipo Cinelike D nayo si yoipa, koma wogulitsa uja sindidzamuiwala ndipo aliyense wondifunsa za iye ndimamuuza kuti athawe.

Mtengo wachiwiri uli pa laputopu. Ambiri timagwiritsa DaVinci Resolve yaulere pa Windows, ndipo yaulereyo mafayilo a 10-bit 4:2:2 a H.264 ngati a GH5 imavuta kuwatsegula, umangomva mawu chithunzi kulibe kapena imalemba Media Offline mofiira. Ya Studio ndi madola 295. Njira ya osauka ndi kusintha kaye mafayilo onse kukhala mtundu wina wa fayilo wotchedwa DNxHR pogwiritsa Shutter Encoder yomwe ndi yaulere, zimatheka ndithu, koma mafayilo amafufuma kangapo, hard drive imadzaza, ndipo laputopu ya Core i5 yakale imatha usiku wonse ikulira fani, magetsi akathima pakati uyambirenso. Werengani nokha: 4K ya 150 Mbps ndi pafupifupi 67GB pa ola musanasinthe nkomwe, ya 400 Mbps ndi 180GB pa ola ndipo imafuna khadi la V60 lomwe ndi lodula. 100 Mbps ya a6400 ndi 45GB pa ola ndipo Resolve yaulere imaitsegula popanda mkangano. Ndiye munthu akamati GH5 yatchipa pa kaunjika, aphatikizepo kiyi, hard drive ndi RAM, aone ngati yatchipadi.

Blackmagic Pocket 4K pa grading ndiye mfumu, izo palibe wokana. Imajambula Blackmagic RAW, ISO ndi white balance umakasintha kunyumba utakhala pansi, ma stop 13 (muyezo wa mmene imasungira zowala ndi zamdima pamodzi), ndipo mafayilo ake amayenda mofewa mu Resolve kuposa a H.264. Yatsopano imabwera ndi laisensi ya Resolve Studio m'bokosi, koma pa kaunjika eni ake ambiri amaitsalira, funsani musanalipire. Kungoti si kamera ya munthu mmodzi wothamanga. Batire la LP-E6 silikwanitsa ola, fokasi yotsatira munthu kulibe, chochepetsa kugwedera kulibe, sikirini ya mainchesi 5 ija siitembenuka ndipo padzuwa la pamchenga umangoona nkhope yako. Pofika poti waigulira cage, SSD, batire lalikulu ndi gimbal (chogwirira choletsa kugwedera) yoti iinyamule, wagula kamera kawiri. Kwa vidiyo ya nyimbo yokonzekera, muli atatu, woimba akubwereza mpaka mukhutire, tengani. Ku nikah komwe shehe sabwereza mawu chifukwa batire lako lafa, ayi. Zithunzi nazo iwalani.

GH5 ndisaiyeretse ngati ilibe tchimo. Fokasi yake pa vidiyo imasakasaka, kumbuyo kumapumira mkati ndi kunja, ambiri tinangozolowera kupotokola ndi dzanja. Sensa ndi yaying'ono, usiku mu holo ya mababu awiri chithunzi chimachita mchenga msanga kuposa cha Sony, ndiye pamafunika lenzi yowala ngati Sigma 16mm f/1.4 ndi ka LED kamodzi. Koma siitentha, siima, thupi lake linatsekedwa bwino ku fumbi ndi madontho, pamanja imakhazikika moti gimbal ndimaisiya kunyumba, mahedifoni amalowa, ndipo ili ndi malo a makhadi awiri, imalemba konse nthawi imodzi. Ukwati sabwereza, khadi limodzi likafa lina lilipo. Mwa zinayi zonsezi ndi yokhayo yomwe imachita zimenezi mosavuta.

Pa zothandizira, choyamba kugula si gimbal, ndi ND filter, kagalasi kakuda koika kutsogolo kwa lenzi kuti kachepetse kuwala. Magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye timajambula 25p shutter pa 1/50, kupanda kutero mababu a mu holo amaphethira mu vidiyo, ndipo kamera yochokera ku America ikhoza kubwera ili pa NTSC ya 60Hz, isintheni ikhale PAL ya 50Hz. Tsono 1/50 masana kunyanja, kuwonjezera log yomwe siilola ISO kutsika (V-Log L imayambira pa 400), popanda ND zonse zimayera mbuu. Anyamata ena amangokweza shutter mpaka 1/2000, nchifukwa chake mafunde ndi anthu ovina amaoneka odukaduka. ND yotchipitsitsa nayo ili ndi zake, ukaipotokola kwambiri imajambula X wakuda pakati ndipo imathira mtundu wobiriwira pakhungu womwe ukalimbane nawo pa grading, bola kugula imodzi yabwino yaikulu ndi ma step-up ring kuti ikwane malenzi onse.

Maiki iliyonse popanda kaubweya kaja kotchinga mphepo ndi yachabe mwera ukayamba mu Juni ndi Julaye, mumangomva phuu phuu malumbiro osamveka. Mawu a mu holo tengani ku mixer ya DJ ndi ka recorder. Makhadi abodza adzaza, olembedwa 128GB mkati muli zochepa, lililonse latsopano liyeseni ndi pulogalamu ya H2testw musanapite nalo ku ntchito ndipo likhale la V30 kupita m'mwamba. Lenzi musasinthire pamchenga.

Kena kamodzi ka grading: sikirini za malaputopu athu zimanama, ina imaonetsa buluu ina chikasu, ndiye musadalire maso okha. Tsegulani vectorscope (choyezera mitundu mu Resolve), yatsani kamzere ka khungu, khungu lakuda ndi loyera lonse limagwera pafupi ndi mzere womwewo, kusiyana ndi kuwala chabe. LUT (mitundu yokonzeratu yongothira pa vidiyo) zotsitsa pa intaneti za teal and orange zija zimasandutsa mkwatibwi kukhala wotuwa kapena wofiira ngati wadzola mafuta oyeretsa, azakhali ake sakakulipirani. Mukamaliza tumizani kachidutswa pa foni muone, poti komwe ikaonedwe ndi pa WhatsApp ndi pa TV yapabalaza.

Ndiye kuti iti? Wojambula yekha maukwati, wa laputopu yofooka, wofuna kupereka ntchito mawa lake, a6400 ndipo asadzivute ndi log. Wa zithunzi zokhazokha yemwe ndalama ndi zochepa, M50. Gulu la ma vidiyo a nyimbo, Blackmagic. Ine ndikhalabe pa GH5 ngakhale anzanga a Sony amandiseka ndikamapotokola fokasi thukuta lili kamukamu, chifukwa ndikafika pa kompyuta nyanja imakhala ya buluu, kanzu ikuoneka ulusi wake, nkhope ili bwinobwino. Mukaifuna, pitani ndi laputopu yanu ndi khadi lanu kwa wogulitsayo, tsegulani Photo Style muone V-Log L ndi maso anu, jambulani mphindi imodzi ya 10-bit, muilowetse mu Resolve pomwepo iye akuona, ndalama mutumize pambuyo.