Wa dongo, wa glaze, wa simenti kapena wa pulasitiki: mphika uti ukuyenera maluwa a m'nyumba?

Miphika ya maluwa ya masiku ano timaigula ndi maso. Pa chithunzi imaoneka yoyera mbee, ina itakhazikidwa pa timiyendo tathabwa, koma wogulitsa sanena zimene zimachitika mkati madzi akalowa. Pamenepo mpamene pagona nkhani. Mizu imafuna madzi ndi mpweya womwe, ndipo khoma la mphika ndilo limalamula kuti dothi likhala lonyowa kwa masiku angati. Musanafunse kuti wokongola ndi uti, dzifunseni kaye ngati ndinu wothirira pafupipafupi kapena woiwala.

Mphika wofiirira wa dongo losapaka kanthu, uja amati terracotta, amauwotcha pa moto wa madigiri Celsius pafupifupi 1,000. Moto umenewu sukwana kulimata dongo kuti litsekane, ndiye khoma limatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Thirirani, dikirani pang'ono, muona khoma likuderako kuyambira pansi, ndipo mukaligwira likhala lozizira chifukwa madzi akutulukira pamenepo n'kumauma. Kwa munthu amene dzanja lake silichedwa kufika pa ndowa, mphika uwu umapulumutsa zomera zambiri. Kakitasi, alovera ndi sansevieria zimakondwa m'menemo. Koma ikanimo zomera zokonda chinyezi monga fern kapena peace lily nyengo yotentha, mawa lake mupeza masamba atalefuka. Zoyera zimene zimayanga kunja kwake ndi mchere wa m'madzi ndi wa feteleza umene watsala madzi atauma. Ena amazikwecha ndi burashi ndi viniga; ine ndimaona kuti mphika ukatero mpamene wayamba kukongola. Chimene sindingaukhululukire n'chakuti kambale kake kapansi nakonso kamadontha thukuta. Pa tebulo lathabwa kamasiya chizindikiro chozungulira chosafufutika, choncho pansi pake pamafunika kambale kopakidwa glaze kapena kapulasitiki.

Glaze ndi utoto umene ukapsa umasanduka galasi. Koma si mphika uliwonse wonyezimira umene uli wofanana ndi unzake. Wina mkati mwake ndi dongo lomwe lija la moto wochepa, angolikuta pamwamba. Wina ndi stoneware, wowotchedwa pa madigiri 1,200 mpaka 1,300, dongo lake litatsekana moti silimwanso madzi. Powasiyanitsa, tembenuzani mphika ndi kudonthezera madzi pa mphete yapansi imene ilibe glaze. Dontho likalowa msanga, ndi wa moto wochepa. Likangokhala pamwamba, ndi stoneware. Mukaugogoda ndi chala, wa stoneware umalira ngwee, winawo umangoti phu. Wa moto wochepa pakapita nthawi umachita timing'alu tambirimbiri pa glaze, chinyezi n'kumalowa pamenepo.

Miphika yoyera ya pa miyendo imene yadzaza pa Instagram si yachilendo ayi. Kampani ya Architectural Pottery, imene inayamba mu 1950 ku Los Angeles, ndi imene inatchukitsa maonekedwe amenewa, ndipo LaGardo Tackett anali mmodzi mwa oijambulira mapulani. Yambiri imene mukuona lero ikungotengera kumeneko.

Vuto la miphika ya glaze ndi kusowa kwa bowo. Opanga ambiri amasiya pansi potseka kuti mphika usadonthere pa kapeti, ndipo khoma nalo silipuma. Madzi otsala alibe kopita, amangodikha pansi, mizu n'kuyamba kuwola masamba akadali obiriwira. Mukadzamva fungo lowawasa kuchokera m'dothi, zinthu zavuta kale. Malangizo akuti muyale timiyala pansi musawamvere. Madzi sachoka m'dothi losalala kulowa m'miyala mpaka dothilo litakhuta kotheratu, ndiye miyalayo imangokweza chinyontho kuchiyandikitsa ku mizu. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuboola ndi dirilo ya nsonga ya dayamondi, pang'onopang'ono, mukuthira madzi kuti pasatenthe, ndipo muvomereze kuti mphika ukhoza kung'aluka. Yachiwiri, imene ndimaikonda, ndi kusiya chomera m'kamphika kake kapulasitiki ka mabowo, n'kukalowetsa mumphika wokongolawo. Tsiku lothirira mumakatulutsa, kuthirira pasinki, kudikira kuti kakhe, n'kukabwezera. Mukatopa ndi mtundu wa mphika mumasintha osakhudza mizu. Pa zomera zambiri za m'nyumba, stoneware wogwiritsidwa ntchito motere ndiye amapambana onse.

Simenti ndimaona kuti amaitama mopitirira. Inde, imvi yake imagwirizana ndi nyumba zamakono, ndipo mbiri ili nayo: Willy Guhl wa ku Switzerland anajambula miphika ya kampani ya Eternit m'zaka za m'ma 1950, ndipo okonda zakale amailimbirana mpaka lero. Dziwani kuti simenti ya Eternit ya nthawi imeneyo inkasakanizidwa ndi asbestos, ulusi wochokera m'miyala, choncho mphika wakale wotere suyenera kuboola kapena kupala, fumbi lake limawononga mapapo. Konkire watsopano alibe zimenezo, koma amatulutsa laimu amene amachepetsa asidi m'dothi. Azalea ndi gardenia, zimene zimafuna dothi la asidi, zimayamba chikasu pakati pa mitsempha ya masamba. Kuuviika mphika m'madzi kwa masiku angapo kapena kuupaka mkati kumathandiza. Kulemera ndiye kulibe mankhwala. Onjezani dothi lonyowa, pamene lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, muona kuti shelefu yapakhoma siyake. Malo ake ndi pakhonde pamene pamawomba mphepo, kusunga chomera chachitali kuti chisagwe.

Wofuna maonekedwe a simenti popanda kuthyoka msana atenge wa fibreglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Ndi wopepuka moti waukulu umanyamulika ndi munthu mmodzi. Umabenthuka m'milomo ukagunda khoma, ndipo panja mphepo imaugwetsa ngati chomera chatalika.

Pulasitiki anthu amainyoza, koma kwa woiwala kuthirira ndi bwenzi. Imasunga chinyezi, ndipo ikagwa siisweka. Padzuwa imasuluka, kenako imauma n'kuyamba kuthetheka. Ilinso ndi miphika yodzithirira yokha, monga ya Lechuza ya ku Germany, yokhala ndi thanki pansi ndi kandodo kosonyeza madzi otsala. Kwa woyendayenda, peace lily ndi fern zimapulumukira pamenepo. Masabata oyamba muzithirirabe pamwamba mpaka mizu itatsika, ndipo kakitasi musamuyandikitseko.

Mitsuko yokongoletsera ya maluwa odula nayonso imayendera lamulo lomweli. Ya porcelain ndi stoneware imasunga madzi bwinobwino. Ya raku, ija ya ming'alu yakuda yooneka mochititsa kaso, imachotsedwa m'ng'anjo ikadali yofiira ndi moto ndipo dongo lake silitsekana, choncho imachucha. Muziikamo maluwa ouma, kapena mubisemo kabotolo kagalasi. Mtsuko uliwonse watsopano, udzazeni madzi ndi kuukhazika pa pepala usiku wonse musanauike pa thabwa la mtengo wapatali. Pepala likakwinyika, mwadziwa.

Pa kukula kwa mphika, mtundu uliwonse umene mwasankha, upose umene chomera chinalimo ndi masentimita 2 mpaka 5 okha m'mimba mwake. Dothi lochuluka limene mizu sinafikeko limakhala lonyowa nthawi yaitali, ndipo mumphika wa glaze kapena wa pulasitiki zimenezi zimapha chomera msanga kuposa mu terracotta.